Makilo Mazana Atatu

Lamulo la kuno lilibe chibale:
makilo mazana atatu, basi.
Ndege, mafuta, ndi mwiniwake wokweramo,
zonse pa sikelo.
Ukapyola, khala pansi uzisirira akhwangwala.

M'shedi ya a Thirlby, kunja kwa mudzi wa Wickenby,
momwe kale ankasungamo mbatatesi,
ndathera nyengo zozizira zitatu
ndikumata nsalu pa nthiti za aluminiyamu,
zala zitauma gwa,
nditangoweruka ku nyumba ya okalamba
komwe usiku wonse ndimatembenuza anthu
opepuka ngati mankhusu.

Loweruka tinaikankhira pa masikelo atatu,
tayala lililonse pa yake.
A Thirlby ananyambita pensulo
nawonkhetsa kuseri kwa risiti ya feteleza,
kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Kwera nawenso, Mwatitha."

Tinapyola ndi makilo anayi.

Ndinayamba ndi khushoni.
Matako azolowera, anakulira pa benchi ya tchalitchi.
Zophimba matayala, chotsa.
Batire lalikulu lija ndinasinthanitsa ndi kakang'ono.
Mabawuti ndinawadula michira mmodzimmodzi,
tizidutswa ndikuponya m'kapu ya tiyi
kuti ndizimva kulira kwa chimene ndapindula.
Penti ndiye inandiwawa.
Ndinkafuna mapiko akuda, ofiira, obiriwira,
koma utoto nawo uli ndi thupi.
Ndinasiya kamzere kamodzi kumchira,
kopyapyala ngati mphini.

Ntchito iyi si yachilendo kwa ine.
Pa Chileka, zaka khumi ndi zinayi zapitazo,
ndinagwada pa simenti, sutikesi ili yasa,
anthu a pamzere akuonerera zamkati mwanga.
Makilo makumi awiri ndi atatu, anatero mtsikana wa yunifolomu.
Ndinatulutsa simbi yamakala,
Baibulo la bambo la chikuto cholimba,
thumba la mtedza, nsapato za pa ukwati.
Achemwali anazilandira osanena kanthu.
Chiyambire tsikulo
chilichonse ndikachigwira, dzanja limayamba layeza.

Itatsala kilo imodzi ndi theka
ndegeyo inalibenso choti ivule.
Otsala ndinali ine.

Tchipisi cha ku Market Rasen ndinatsanzikana nacho.
Shuga, supuni imodzi.
Ndinkayenda m'mbali mwa minda ya kabichi,
mphepo ikundimenya mbama zonse ziwiri.
Ndaziona, mwana wanga, ananena akuseka:
"Amayi, nanga meshi yo?"
Usiku womwewo anakhala pa sofa, ine pansi pakati pa miyendo yake,
akumasula chingwe chimodzichimodzi mpaka tambala,
ngakhale kuno tambala sindinamumvepo.
Tinaliyeza tsitsilo pa sikelo ya makeke:
magalamu mazana atatu ndi makumi awiri.

Tsiku loyezanso ndinapita osadya.
Pensulo inayenda, inaima, inabwerera.
A Thirlby anatsokomola.
"Watsala ndi magalamu mazana anayi.
Ndi ako. Udziwa wekha chochita nawo."

Ndinaganiza za khushoni.
Ndinaganiza za Baibulo lija, koma lili kutali
ndipo limaposa pamenepo.
Ndinatenga juzi ya Ndaziona, yachikasu, yong'ambika pachigongono,
ndinaipinda kawiri, ndinaikhalira.

Mpando ndi umodzi.
Palibe woti umufunse ngati nayenso akuopa.
Injini inalira ngati chigayo cha dizilo,
udzu unathamanga, unathamanga,
kenako unangosiya kundigwira.

Kumwambako ndinayembekeza kuganiza zazikulu.
Koma ndinangoona kuti denga la shedi lachita dzimbiri mbali ya kumpoto,
kuti a Thirlby ali ndi dazi lomwe chipewa chimabisa,
ndi kuti kamtsikana kali pa mpanda, kopanda juzi,
kakugwedeza manja onse awiri,
kakuzizidwa.